Nsapato za Kapitawo

Pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wodula makiyi ndi chipilala chimene anthu amamatapo mapepala a nyumba za lendi, pankakhala bambo wosoka nsapato amene msewu wonse unkawatchula kuti a Chidendene. Dzinali sanachite kulipempha. Linabwera chifukwa cha khalidwe lawo loyamba kuyang'ana munthu kumapazi asanamupatse moni. Ukawapatsa nsapato ankaitembenuza kaye, n'kuiyang'anitsitsa kunsi ngati nesi akuwerenga khadi la kusikelo, kenako ankayamba kukuuza za moyo wako zimene sunawafunse.

"Inu mumanyamulira katundu phewa lakumanja. Inu bondo lakumanzere likukuvutani, musakane. Nanga inu mwayamba liti kuyenda wapansi, galimoto ija yapita kuti?"

Ena ankaseka, ena ankalanda nsapato zawo n'kupita nazo kwina. A Chidendene analibe nazo ntchito. Ankangonena kuti munthu amanama koma nsapato sinama, n'kupitiriza kukoka ulusi.

Pambali pa bokosi lawo la zipangizo panali katoni yaikulu yodulidwa pakati, yoyalidwa bulangete, ndipo mmenemo munkakhala mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri. Bambo akewo ankamutchula kuti Kapitawo, chifukwa ntchito yake inali kuyang'anira basi. Iwo akhoma misomali, iye maso ali pa hamala. Iwo apaka guluu, iye wakwinya mphuno. Akachedwa kumupatsa nthochi yake ankamenya katoniyo ndi chikhatho, ndipo iwo ankasiya zonse n'kunena kuti, "Pepani a Kapitawo, musandichotse ntchito."

Mwanayu anabadwa masiku asanakwane, wochepa moti bambo ake atamuona koyamba anamuyerekeza mumtima ndi nsapato ya sayizi naini, ndipo nsapatoyo inapambana. Khosi linachedwa kulimba. Kukhala pansi anakhala anzake atayamba kale kuthamanga. Mawu anali nawo atatu okha: "ba", "iyi" ndi "ayi", ndipo lachitatulo ndi limene ankaligwiritsa ntchito kwambiri. Ukamuimiritsa, miyendo yake inkauma gwa, zala zakumapazi zitaloza pansi. Akafuna kupita penapake ankakwawa ndi zigongono, miyendo ikukhwekhwereza m'mbuyo.

Mayi ake sanathawe, ngakhale ena mumsewumo ankakonda kuganiza choncho. Mwana wachiwiri, wamwamuna, anabadwa ndi bowo pamtima, ndipo milomo yake inkada akalira kwambiri. Madokotala anati asamakhale kutali ndi chipatala chachikulu. Choncho mayiyo anakakhala kwa akulu awo mumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Anagawana ana aja pa depoti monga mmene anthu amagawanirana zikwama: inu nyamulani ichi, ine ichi. Anati ndi za miyezi iwiri. Tsopano inali itakwana khumi.

Ankaimbirana foni Lamlungu lililonse masana, ndipo macheza ake sankasintha.

"Bambo a mwana, wanuyo ali bwanji? Wayamba kuyenda?"

"Pang'onopang'ono. Nanga wanuyo?"

"Akupuma."

Aliyense ankadziwa kuti mnzake wadula nkhani pakati, ndipo aliyense ankathokoza mumtima chifukwa cha zimenezo. Akatseka foni, a Chidendene ankakhala pabedi m'chipinda chawo chimodzi chija kuseri kwa fakitale ya sopo, n'kumayang'ana diresi la akazi awo limene linali likadali pachingwe pomwe analisiya. Ankasungulumwa kwambiri. Munthu wamkulu womuuza zimenezi analibe, choncho ankauza Kapitawo, ndipo Kapitawo ankayankha kuti, "Ayi."

Kuphika anaphunzira, kuchapa matewera a mwana wa zaka zitatu anaphunzira, ngakhale kuluka tsitsi anayesera mpaka mayi wina woyandikana nawo anawapempha kuti asiye. Chimene chinawakanika ndi kubereka mwana kumbuyo. Ankamunyamula pamapewa, manja a mwanayo atagwira makutu awo ngati chiwongolero. Ndiye mmene ankayendera m'mawa uliwonse: kudutsa fakitale, kuwoloka njanji, kutsika msewu wa masitolo, timapazi tiwiri tikulendewera pachifuwa pawo, kunsi kwa nsapato kutayang'ana aliyense wobwera kutsogolo.

Vuto linayambira pamenepo. Mwana wa wosoka nsapato sangayende wopanda nsapato, ndipo iwo ankamusokera okha, zachikopa chofewa, zofiirira, za lamba wa kachitsulo. Phazi likakula ankasoka zina. Koma nsapato za Kapitawo zinkatha molakwika. Zinkanyuka pamwamba, kuzala, chifukwa chokhwekhwereza pansi, pamene soli inkakhala yatsopano, yosalala, yopanda ndi kakanda komwe. Kwa a Chidendene chimenechi chinali chikwangwani cholembedwa ndi zilembo zazikulu, ndipo ankachinyamula pachifuwa kudutsa nacho tauni yonse.

Tinene chilungamo: mumsewu monsemo munalibe ndi mmodzi yemwe amene ankayang'ana kunsi kwa nsapato za mwana. Anthu ali ndi mavuto awo. Koma munthu amene wakhala zaka makumi awiri akuwerenga masoli amaganiza kuti dziko lonse limadziwa kuwerenga. Wina akangotsitsa maso pang'ono, iwo ankafulumira kudutsa. Ankatopanso ndi malangizo. Uyu akuti mukwirireni miyendo mumchenga, uyu akuti mumamunyamula kwambiri n'chifukwa chake wachita ulesi, uyo akufunsa ngati kubanja kwa mayi ake kulinso wina wotere.

Lamlungu lina masana, atangotseka foni ija, anatenga nsapato za mwanayo ndi kachidutswa ka sandipepa. Anayamba ndi chidendene, chakunja pang'ono, pamene mwana woyenda bwino amayambira kuponda. Anabwera kutsogolo, pansi pa chala chachikulu. Anapaka dothi, n'kupukuta, n'kupakanso. Anatenga kamwala kakang'ono n'kukakhomera mu soli ndi hamala kuti kaoneke ngati kanalowa kokha. Pamwamba ponyuka paja anaikapo chigamba chosaoneka n'kupolisha. Atamaliza anaziika patebulo n'kubwerera m'mbuyo. Zinali nsapato za mwana wovuta, wothamangathamanga, amene mayi ake amakhalira kumukalipira kuti akhale pansi. Anaziyang'ana nthawi yaitali, ndipo analira pang'ono.

Kuyambira pamenepo inakhala ntchito ya Lamlungu lililonse. Wina akafunsa kuti bwanji mwana wamkulu chonchi ali pamapewa, iwo ankati, "Watopa, wayenda kwambiri lero," n'kutembenuka pang'ono kuti masoli aoneke. Wodula makiyi, amene ankaona mwanayo m'katoni tsiku lililonse, ankadziwa zoona zake, koma iyeyo nkhani zake zinali za mpira ndi za akazi ake awiri, ndipo za nsapato sankazidziwa n'komwe.

Lachinayi lililonse sankatsegula. Linali tsiku la mafizo, lokamuwongola mwana miyendo. Ankakwera basi kupita kuchipatala chaching'ono, n'kulowa m'chipinda chachitali chokhala ndi matiresi abuluu pansi, mpira waukulu wa pulasitiki, ndi zithunzi za nyama zimene zinayamba kumatuka pakhoma. Pabenchi pankakhala amayi okhaokha, makumi atatu kapena kuposa, aliyense ndi wake pamiyendo. Mwamuna anali iwo okha. Amayiwo ankawasunthira malo mwaulemu, malo ambiri kuposa amene munthu mmodzi amafunika, kenako ankapitiriza nkhani zawo motsitsa mawu. Kwa chaka ndi theka palibe anawafunsa china kupatula kuti, "Mayi ake ali kuti?"

Chimene ankadikira chinali chimodzi. Kawiri pachaka kunkabwera bambo wina woyeza miyendo, amene ankapanga timapulasitiki tolimba tomanga kuyambira kuphazi mpaka kumunsi kwa bondo. Timeneti timagwira phazi kuti liponde lonse pansi, mwana n'kuphunzira kuima. Ankayeza ana khumi ndi awiri okha pa ulendo umodzi. Dzina la Kapitawo linakhala pamndandanda miyezi isanu ndi itatu, ndipo Lachinayi limeneli, 2 koloko masana, inali nthawi yake.

M'mawa umenewo anapeza kuti dokotala wa mafizo amene ankamudziwa mwanayo wasamutsidwa. Pampando pake panali mayi wina watsopano, wachangu, wa magalasi, atapanikizidwa ndi mafayilo. Iyeyu anafuna kuona yekha ana onse a pamndandanda asanafike woyeza uja, chifukwa mayina anali khumi ndi asanu ndi limodzi pamene malo anali khumi ndi awiri.

Kapitawo sankafuna anthu achilendo. Atangomugwira mwendo anakuwa, n'kuuma thupi lonse ngati thabwa, n'kukakamira kolala ya bambo ake. Dokotalayo anayesa kumunyengerera ndi chidole, anayesa kuimba, koma zonse zinakanika.

"Chabwino, musiyeni," anatero. "Kunyumba amayenda?"

Funso limeneli a Chidendene anali ataliyankha kambirimbiri, kwa akazi awo, kwa makasitomala, kwa anthu a m'basi, moti pakamwa panayankha pokha.

"Pang'onopang'ono."

Dokotalayo anawerama, n'kumasula lamba wa nsapato yakumanja, n'kuitembenuza. Kwa zaka zonsezi uyu anali munthu woyamba, kupatula iwo eni, kuyang'ana kunsi kwa nsapato ya Kapitawo. Anaiyendetsa chala kuyambira kuchidendene mpaka kutsogolo. Anavulanso inayo n'kuziika pamodzi. Nkhope yake inamasuka.

"Bambo, apa ndiye pali nkhani yabwino. Ife kusukulu anatiphunzitsa kuyang'ana nsapato. Makolo ena amaiwala, ena amawonjezera, koma nsapato sinama. Onani, akuyambira kuchidendene, akumalizira kuchala chachikulu, mbali zonse mofanana. Mufayilomu analemba zakale. Mwanayu wapita patsogolo kwambiri, kungoti pano akuchita mantha. Safunika mapulasitiki ameneyu. Malo ake tipatse wina amene sanayambe n'kuima komwe."

Anatenga cholembera n'kudula mzere pa dzinalo. Anaitana dzina lina, ndipo mayi wina kumapeto kwa benchi anaimirira akuwomba m'manja.

A Chidendene anati zikomo. Anamuveka mwana nsapato, anamukweza pamapewa, anatuluka. Anadutsa khonde lonse, anadutsa pamalo olandirira mankhwala, anatuluka pageti, n'kukakhala pa kabenchi ka simenti podikirira basi. Anasenda nthochi n'kumampatsa mwana pang'onopang'ono. Ndipo pamenepo, Mulungu awakhululukire, chinthu choyamba chimene anamva mumtima chinali kunyada. Munthu wophunzira, wa magalasi, wayang'ana ntchito ya manja awo ndipo sanaone chinyengo. Kunyadako kunakhala kanthawi kochepa kwambiri. Kenako anazindikira kuti amutayitsa mwana wawo malo ake.

Basi inabwera, kondakitala anaitana, iwo sanakwere. Inabweranso ina. Kapitawo anatsetsereka kuchoka pamiyendo pawo kufuna kutola kapepala kowala kamene kanali pansi. Anagona chafufumimba pafumbi, n'kuyamba kudzikoka ndi zigongono, nsapato zokongola zija zikukhwekhwereza m'mbuyo, masoli abodza atayang'ana kumwamba. Anthu awiri amene anali pamenepo anayang'ana kumbali. Woyeza miyendo akachoka lero adzabweranso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo dzina likachoka pamndandanda limakayambiranso kumunsi. Dokotala wakale uja anawauza kale kuti miyendo ya mwana ikamakula imanka iumirauma.

Anapisa dzanja m'thumba la malaya. Kachidutswa ka sandipepa kanali momwemo, pamodzi ndi zingano ndi ulusi zimene sankasiyana nazo. Anamunyamula mwanayo, anamusasa fumbi, n'kubwerera.

M'chipinda muja munalibe pobisala. Tebulo la dokotala linali poyera, mabenchi atalizungulira. Iwo anaima kutsogolo kwake mwana ali m'manja mpaka dokotalayo anadzutsa mutu.

"Mwaiwala chinachake, bambo?"

"Adokotala, mwanayu sayenda."

"Mwati bwanji?"

"Sanayendepo. Ngakhale kuima, sanaimepo. Nsapatozi ndinazikwecha ndine."

Anaika sandipepa uja patebulo. Macheza a pabenchi anazima. Dokotalayo anayang'ana kachidutswako, anayang'ana iwo, osamvetsa. Ndiye a Chidendene anachita chinthu chokhacho chimene ankadziwa kuchita bwino. Anavula nsapato ya mwanayo, anaitembenuza, n'kuiyandikiza kuwindo.

"Taonani timizere iti. Tonse tikupita mbali imodzi. Msewu sukanda choncho, msewu umakanda paliponse. Kamwala aka ndinachita kukhomera, onani m'mbali mwake mmene mwalowera. Ndipo apa pamwamba pali chigamba. Pamene pamatha zoona ndi pamenepa, chifukwa amakwawa. Ine ntchito yanga ndi yosoka nsapato."

Mayi wina anayamba kuseka, koma anadzigwira pakamwa. Dokotalayo anavula magalasi.

"Chifukwa chiyani, bambo?"

"Ndinkachita manyazi," anatero. Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. "Ndimamunyamula pamapewa. Ndinkaona ngati aliyense akuona."

Dokotalayo anavalanso magalasi ake. Sanawakalipire, ndipo mwina kukalipa kukanapepuka.

"Mukudziwa kuti malo aja ndapereka kale? Sindingakalande kwa mayi aja."

"Ndikudziwa. Musawalande."

Dokotalayo anatenga pepala la mayina lija, anayang'ana mzere umene anadula, kenako analemba kunsi kwenikweni, m'mphepete, nambala 13.

"Sindikulonjeza. Akakana, wakana. Dikirani."

A Chidendene anabwerera pabenchi, maso ali pansi. Malo awo aakulu aja anali pomwepo. Atakhala, mayi amene anali pafupi, wa mwana wamutu waukulu, anasendera kufupi mpaka zigongono zinakhudzana. Sanawayang'ane. Anangonena motsitsa kuti, "Ine wangayu ndimamuveka chipewa ngakhale kukutentha."

Woyeza miyendo anafika mochedwa, anagwira ntchito yake osadya, ndipo pamene ankamaliza mwana wa khumi ndi chiwiri nthawi inali itadutsa 5 koloko. Anayamba kulongedza. Dokotala uja anapita kukamunong'oneza. Bamboyo anayang'ana wotchi, anayang'ana Kapitawo amene anali atagona tulo pachifuwa cha bambo ake, anapumira m'mwamba, n'kutsegulanso chikwama.

Mapulasitiki anabwera patatha milungu isanu ndi umodzi. Nsapato zakale sizinkalowanso, choncho a Chidendene anasoka zina zazikulupo, zotsegula kwambiri kukamwa. Masoli ake anali atsopano, osalala, ndipo anawasiya choncho. M'mawa woyamba kudutsa nawo msewu wa masitolo anatuluka thukuta ngati asenza thumba la simenti. Palibe anayang'ana. Zimenezi zinawapweteka mwa mtundu wina, poganiza zonse zimene anatsala pang'ono kutaya chifukwa cha maso amene kunalibe.

Lamlungu limenelo anawauza akazi awo zonse. Kenako mayiyo anati, "Nanenso wangayu sakungopuma ayi. Sabata yatha tinagonekedwa masiku anayi." Anakambirana mpaka foni inatha moto.

Ntchito inawonjezereka. M'mawa uliwonse asanayambe kusoka, ankamuimiritsa Kapitawo atagwira m'mphepete mwa bokosi la zipangizo, iwo atagwada kumbuyo kwake, manja ali m'chiuno mwa mwanayo. Poyamba mphindi imodzi, akukuwa "ayi" moti wodula makiyi ankazimitsa makina ake n'kufunsa ngati akumupha. Kenako mphindi zitatu. Kenako khumi, bola amupatse bulashi kuti azimenya nayo bokosi. Miyezi inapita. Mvula inabwera n'kutha. Mayi ake anabwera kamodzi, masiku atatu, n'kubwerera. Kapitawo anawonjezera liwu lachinayi, "tiye", koma kuyenda sanayende.

Tsiku lina masana, dzuwa litafika pakhonde, anamuvula nsapato kuti mapazi apume. Mwachizolowezi anatembenuza yakumanzere. Kutsogolo kwa soli, pansi pa chala chachikulu, panali kamalo kotuwa kochepa ngati chikhadabo. Anakayandikiza kumaso. Timizere take tinali topingasana, tina uku tina uko, ndipo pakati pake panalowa kamchenga kamodzi. Anakumbukira kuti masiku amenewo mwanayo akaima pabokosi ankasuntha phazi limenelo kufuna kufikira chitini cha polishi.

Anatenga foni n'kuimbira akazi awo ngakhale silinali Lamlungu.

"Bambo a mwana, tili pamzere wa dokotala, atiitana pompano. Ndikuimbirani." Foni inaduka.

Anayang'ana uku ndi uku. Anthu ankangodutsa ndi zikwama zawo. Anapita kwa wodula makiyi n'kumuonetsa nsapatoyo.

"Achimwene, taonani apa."

Wodula makiyi anaitenga, anaitembenuza kawiri, anaibweza.

"Nsapato yatsopano imeneyi. Yavuta chiyani?"

"Apa, pansi pa chala."

"Kakanda kameneka? Aa, inunso a Chidendene. Ingopakanipo polishi, ntchito ya mphindi imodzi." Anayatsanso makina ake.

A Chidendene anabwerera pamalo pawo. Anagwada pafupi ndi katoni, n'kuika nsapatoyo patsogolo pa mwini wake, chala chawo chili pa kamalo kotuwa kaja.

"A Kapitawo," anatero, "ndani wawononga nsapatoyi?"

Mwanayo anayang'ana nsapato, anayang'ana bambo ake, n'kumenya pachifuwa pake ndi chikhatho.

"Iyi," anatero.

"Ndinu eti? Ndiye mumve. Ine ndakonza nsapato za msewu wonse uno, koma iyi yokha sindikonza."